Mkate wa Tsiku la Mpira

Abale okondedwa amene mukukonzekera Ubatizo, mwamva kale kuti makolo ali ndi udindo wolera ana ao, ndi kuti ana ayenera kulemekeza makolo. Koma banja silikhala pa malamulo okha. Likhalanso pa zinthu zazing'ono zimene zisangalatsa mtima: kuseka pamodzi madzulo, kuonerera ana akusewera, kununkhira kwa cakudya cophikidwa ndi manja a munthu wa pakhomo. M'phunziro lino tikamba za ziwiri mwa zinthu zimenezi, mpira wa ana ndi mkate wophika kunyumba. Mwina mudzati ndi nkhani yopepuka. Koma mwana amene sanaonepo cimwemwe pakhomo pa makolo ace adzacifuna kwina, ndipo kumene adzacipeze sikumene inu mukadasankha.

1. MASANA A LAMULUNGU

Kukolola kukatha, cimanga cili m'nkhokwe ndipo minda yauma, midzi yathu ya ku Angonia, ku Tsangano, ku Macanga ndi ya m'mbali mwa nyanja ku Niassa imakhala ndi cizolowezi cimodzi. Lamulungu masana, anthu atabwera ku mapemphero, anyamata amasonkhana pa bwalo la sukulu. Mitengo iwiri yozika pansi ndi nsungwi yopingasa pamwamba ndiyo golo. Ana aang'ono ali pambali ndi mpira wao wa nsanza ndi mapepala, womanga ndi luzi. Amai ayala nsalu pansi kugulitsa zitumbuwa, mtedza wokazinga ndi nzimbe. Timu ya mudzi wina yabwera pa njinga kapena pansi, ndipo mudzi wonse uli pamenepo.

Mnyamata wina akaponya mpira m'golo, mudzamva nthungululu za amai ace ndi azakhali ace. Mudzaona bambo wokalamba, amene masiku onse sayankhulayankhula, ataimirira ndi kuuza aliyense kuti: "Ameneyo ndi wanga!" Kunyada kumeneku nkwabwino. Bambo ameneyo wakumbukira usiku umene anathamanga ndi mwanayo kucipatala ali ndi malungo, ndipo lero akuona miyendo yomweyo ikuthamanga ndi mphamvu. Mtima wace ukuyamika.

Tsono dzuwa likapendeka, mpira watha. Tsatirani ana awiri pa njira yobwerera kwao. Wina wapambana, anzace amunyamula pa mapewa. Wina wagonja, ndipo mwina ndi iye amene analakwitsa kuti timu yace igonje. Akuyenda yekha m'mbuyo, mutu uli pansi. Funso la phunziro lathu ndi ili: kodi mwana waciwiriyu akafika pakhomo adzapeza ciani?

2. KUNYADA KUMENE KUMANGA NDI KUNYADA KUMENE KUPASULA

Pali kholo limene linyadira mwana wace cifukwa ndi mwana wace. Pali lina limene linyadira kupambana kokha, pakuti kupambanako kulikweza pamaso pa anthu. Pa tsiku la cigonjetso makolo awiriwa aoneka ngati amodzi: onse akuvina, onse akufuula. Muwasiyanitsa pa tsiku la kugonja.

Kholo loyamba lifunsa mwana ngati wapweteka, limupatsa madzi osamba, limuitana ku cakudya. Kholo laciwiri limunena pamaso pa abale ace kuti watipatsa manyazi, kapena lingokhala cete ndi nkhope yolemera. Mwana ndi wanzeru. Aphunzira msanga kuti pakhomo pano amamukonda akapambana pokha. Mwana wotere ayamba kuopa. Wamantha sasewera bwino, ndipo mawa adzanama kapena kucita ndeu pa bwalo kuti asabwerenso kunyumba wogonja. Cimene caphunziridwa pa mpira cidzaonekanso pa mayeso a kusukulu, pa nchito, ndi m'banja lace la mtsogolo.

Kunyada koipa kuli ndi zipatso zinanso zimene inu mukuzidziwa. Midzi iwiri yoyandikana, yokwatirana ndi kuikana maliro, imatha kudana cifukwa ca golo imodzi. Bambo wina amati akukondwerera cigonjetso ca mwana wace, napita kukamwa kacasu mpaka usiku, mwana wopambanayo nagona ndi njala. Masiku ano kwabweranso juga wa pa foni: munthu amaika ndalama ya sopo ndi mcere pa mpira wa ku Ulaya umene sadzauona, ndipo ana ace amamuona akukwiya ndi kutukwana cifukwa ca anthu amene sakumudziwa nkomwe.

Palinso mwana amene timamuiwala: mtsikana. Pamene alongo ace ali ku bwalo, iye ali ku citsime ndi ku mtondo. Akafuna kuthamanga kapena kusewera mpira, ena amati sizoyenera mwana wamkazi. Tisanavomereze mau amenewa, timve mbiri ya mtsikana wina wa dziko lathu.

3. ANA AWIRI A MOÇAMBIQUE

Maria de Lurdes Mutola anabadwa m'caka ca 1972 ku Chamanculo, dera la anthu osauka mu mzinda umene lero ndi Maputo. Ali wamng'ono ankasewera mpira wa miyendo pamodzi ndi anyamata. Amene anazindikira liwiro lace anali José Craveirinha, mlakatuli wamkulu wa dziko lino, yemwe ankakondanso masewera. Iye anamulimbikitsa kuti ayese mpikisano wothamanga, ndipo mwana wace Stélio, amene anali katswiri wolumpha, anathandiza kumuphunzitsa. Craveirinha sanali bambo wace womubala. Anacita cimene akulu anati: mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Tsopano werengani zaka izi mosamala. M'caka ca 1988 Maria anapita ku masewera a Olimpiki ku Seoul ali ndi zaka 15, nathamanga mamita 800, ndiko kuzungulira bwalo kawiri. Anagonja pa mpikisano woyamba womwe. M'caka ca 1992 ku Barcelona anafika wacisanu. M'caka ca 1993 anakhala katswiri wa dziko lonse lapansi ku Stuttgart, koma ku Olimpiki ya ku Atlanta mu 1996 anafika wacitatu. Mendulo ya golide anaipeza ku Sydney m'mwezi wa Setembro 2000, ndipo inali yoyamba m'mbiri ya Moçambique. Kucokera ku Seoul kufika ku Sydney panapita zaka 12. Akadamuseka ndi kumuletsa atabwerako wogonja ali ndi zaka 15, dziko lonse silikadavina mu 2000.

Winanso ndi Eusébio da Silva Ferreira, amene anabadwa mu 1942 ku Mafalala, mu mzinda womwewo. Bambo ace anamwalira iye ali mwana, ndipo amai ace, a Elisa, analera ana okha. Eusébio anaphunzira mpira wopanda nsapato, pa mcenga, ndi mpira wa nsanza wonga umene ana anu amamanga. Anapita ku Lisboa kumapeto kwa 1960 kukasewera ku Benfica. Pakuti nthawi imeneyo dziko lathu linali pansi pa Apwitikizi, anasewerera Portugal, ndipo pa Cikho ca Dziko Lonse ca 1966 ku England anaponya magolo 9, kuposa wina aliyense. Atamwalira mu 2014, anamulira ku Portugal ndi kuno komwe.

Ngakhale kuno kwathu ku Tete tinalawako cimwemwe cotere pamene timu ya ku Songo inatenga cikho ca Moçambola mu 2017 ndi mu 2018. Koma musanyengedwe. Mwa ana zikwizikwi amene amasewera m'midzi yathu, ochuka adzakhala owerengeka. Ambiri adzakhala alimi, asodzi, aphunzitsi, amalonda, makolo. Sitilola ana kusewera kuti adzatibweretsere cuma. Timawalola cifukwa thupi lao lilimba, aphunzira kumvera lamulo la masewera, kugwirizana ndi anzao, ndi kugonja popanda cidani. Zimenezi adzazifuna moyo wao wonse. Ndipo kuti aziphunzire bwino, afunika kudziwa kuti kunyumba kuli cinthu cimene sicisintha, apambane kapena agonje. Cinthu cimeneco citha kukhala caching'ono ngati mkate.

4. KAPHIKIDWE KA CIKONDAMOYO

Simufunika uvuni wa njerwa kapena ufa wa m'sitolo. Cikondamoyo, cimene ena amati cigumu, ciphikidwa ndi zinthu za pakhomo. Konzani izi:

makapu 4 a ufa wa mgaiwa;
nthoci 4 zakupsa kwambiri;
makapu 2 a cambiko, ndiwo mkaka wosasa;
kasupuni kamodzi kodzaza ka soda;
mcere pang'ono, masupuni 4 a shuga, masupuni 3 a mafuta ophikira;
dzira limodzi, ngati nkhuku zaikira.

Sankhani mgaiwa, osati ufa woyera. Pokonola cimanga ndi kuciviika timataya gaga ndi kamtima ka njere, m'mene muli mafuta ndi zambiri zolimbitsa thupi. Mwana amene wathamanga masana onse afunika zimenezo. Mukafuna kuonjezera mphamvu, thiranimo theka la kapu ya nsinjiro. Koma yang'anitsitsani cimanga ndi mtedza musanasinje: njere za cuku, zofota ndi zowawa muzitaye, pakuti cuku cili ndi ululu umene uononga ciwindi, ndipo moto suupha ululu umenewo.

Yambani ndi moto, kuti makala akhale okonzeka. Kenaka sakanizani ufa, mcere, shuga ndi soda zili zouma. M'mbale ina phwanyani nthoci, nimuthiremo cambiko, mafuta ndi dzira. Phatikizani zonse ndi mthiko mpaka zikhale ngati phala lolimba, losathina ngati nsima. Pakani mafuta m'kati mwa mphika wacitsulo, thiranimo osadzaza, vundikirani ndi civundikiro cacitsulo kapena cidutswa ca lata. Pansi ikani makala ocepa, pamwamba ikani ambiri. Ambiri amalakwa pamenepa: acurukitsa moto pansi, mkate nupserera kunsi pamene pakati pali paphisi. Pakapita mphindi ngati 40, lasani pakati ndi kamtengo koyera. Kakaturuka kouma, capsa.

Cifukwa ninji tiyamba ndi moto? Soda akakumana ndi cinthu cowawasa, monga cambiko, nthawi yomweyo aturutsa mpweya. Timathovu ta mpweya umenewo ndito tikweza ufa kuti mkate ukhale wofewa. Mukacedwa kuika pa moto, mpweya uthawa, mkate nukhala wolemera ngati njerwa. Ngati mulibe cambiko, finyirani ndimu mu mkaka kapena m'madzi. Musaganize kuti soda wambiri atupitsa koposa: adzangosanduliza mkate wacikasu, wowawa ndi wonunkha sopo.

Cenjezo limodzi, makamaka kwa inu a kumapiri kumene kuzizira kwambiri mu Junho ndi Julho. Musaphike ndi makala m'nyumba yotseka, ndipo musagone ndi mbaula m'cipinda. Makala aturutsa mpweya wosaoneka ndi wosanunkha umene upha anthu ali m'tulo. Phikirani panja kapena m'khichini mopita mphepo, ndipo ana okwawa akhale kutali ndi civundikiro ca moto.

5. MKATE WA TIRIGU

Pa masiku akulu, kapena mukagulitsa mbatata ndi nyemba, mutha kuphika mkate wa tirigu, umene m'misika amati pão. Tirigu si wacilendo kwathu, pakuti alimi a ku mapiri ozizira a Tsangano amamulima. Ufa wa tirigu usiyana ndi wa cimanga pa cinthu cimodzi: mukaukanda ndi madzi, ukhala wotamuka ngati ulimbo, ndipo ulimbo umenewo ugwira mpweya kuti usathawe. Ncifukwa cace mkate wa tirigu utupa kwambiri kuposa cikondamoyo.

Pa kilo imodzi ya ufa thirani kapaketi kamodzi ka cotupitsa, cimene m'masitolo amati fermento, timasupuni tiwiri ta mcere, supuni imodzi ya shuga, ndi makapu awiri ndi theka a madzi ofunda. Cotupitsa cimeneci sicifanana ndi soda. Ndi tizamoyo tating'ono kwambiri timene tidya shuga wa mu ufa ndi kuturutsa mpweya pang'onopang'ono. Madzi otentha atipha, madzi ozizira atigonetsa. Yesani ndi cala: akhale ofunda monga osambitsira khanda. Kandani mphindi 10 ndi mphamvu, vundikirani ndi nsalu yoyera, ikani pamalo pofunda kwa ola limodzi kapena kufikira ufa utakula kawiri. Umbani, dikiraninso theka la ola, ndipo phikani mu mphika monga cikondamoyo. Mukagogoda kunsi kwa mkate nulira ngati ng'oma, wapsa.

Pa ola lodikiralo palibe cimene manja anu angathe kucita. Mukamavundukula kawirikawiri mungouziziritsa. Ambuye Yezu, mu Mthenga Wabwino wa Mateyo, mutu 13, anafanizira Ufumu wa Mulungu ndi cotupitsa cimene mai wina anabisa mu ufa wambiri mpaka wonse unatupa. Kulera mwana kuli comweco. Mau abwino amene mwamuuza lero simuona nchito yace mawa. Agwira nchito mobisika, ndipo afuna kufunda kwa pakhomo.

6. MKATE SUDZIWA AMENE WAPAMBANA

Tsopano phatikizani zimene mwaphunzira. Mpira utenga mphindi 90. Cikondamoyo, kuyambira pokoleza moto mpaka pophula, citenga ola ndi kuposapo. Mkate wa tirigu utenga maola atatu. Cotero amene afuna kuti mwana apeze mkate pobwera ku bwalo ayenera kuyamba kukanda mpira usanathe, ndipo nthawi zambiri usanayambe nkomwe. Wophikayo sadziwa ngati mwana adzabwera akuyimba kapena akulira. Aphika cifukwa mwanayo ndi wace ndipo adzabwera ndi njala.

Mwana wogonja uja, amene tinamusiya akuyenda yekha m'mbuyo, akafika nalandira gawo lace lofanana ndi la masiku onse, amva cinthu cimene mau sangathe kumuuza bwino: kuti malo ace pakhomo pano sanagwedezeke. Ndipo wopambana, akalandira gawo lofanana ndi la mng'ono wace amene sanasewere, ndi la mlongo wace, ndi la wolumala amene sadzathamanga konse, aphunzira kuti cigonjetso sicimusandutsa mfumu ya abale ace. Za zolakwa za pa bwalo mutha kukambirana mawa, mitima itazizira.

Nchito imeneyi isagwere amai okha. Ngati amai atsala pa moto pamene mudzi wonse uli ku bwalo, cimwemwe ca banja cagulidwa ndi thukuta la munthu mmodzi. Phikani Loweruka madzulo kapena Lamulungu m'mawa, kuti onse apite kukaonerera. Anyamata osewerawo atole nkhuni ndi kutunga madzi. Bambo agule soda ndi shuga: mtengo wace ucepa poyerekeza ndi wa mowa wa tsiku limodzi. Anyamata aphunzirenso kukanda ufa, monga atsikana aphunzira kuponya mpira. Agogo amene mano anatha apatsidwe pakati pofewa.

Musaiwale alendo. Anyamata a timu ya mudzi wina ali ndi ulendo wautali wobwerera, ndipo mwina ndiwo agonjetsa ana anu. Mabanja angapo akagwirizana kuphika miphika iwiri kapena itatu, ndi kuwapatsa aliyense kagawo ndi madzi abwino akumwa asananyamuke, mudzaona kuti ndeu za pa bwalo zicepa. Nkobvuta kugenda miyala munthu amene mwadya naye. Kupatsa nkuika: tsiku limene ana anu adzapite kwao, adzawalandira comweco.

Mwina wina adzati: caka cino njala yatigwera, tilibe shuga kapena mafuta. Phikani cimene cilipo. Mbatata yootcha pa phulusa, cimanga cokazinga, dzungu lophika, zonsezi zicita nchito yomweyo, ngati zakonzedwa mwanayo asanabwere ndipo zagawidwa mofanana. Ana sakumbukira kucuruka kwa shuga. Akumbukira kuti wina anawaganizira iwo ali kutali.

ZOTI MUKUMBUKIRE

Kunyadira mwana nkwabwino, koma kuyesedwa pa tsiku limene wagonja.
Mtsikana ali ndi miyendo ndi mphatso monga mnyamata.
Ndalama ya kacasu ndi ya juga ndiyo ikadagula ufa ndi soda.
Gawo la wopambana ndi la wogonja likhale limodzi.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi mwana wa pakhomo panu akalephera pa mpira kapena pa mayeso, mau oyamba amene amva ndi otani, ndipo acokera kwa yani?
2. Maria Mutola anadikira zaka zingati kucokera pa Olimpiki yace yoyamba kufikira pa mendulo ya golide? Zimenezi zikuuzani ciani?
3. Cifukwa ninji tikoleza moto tisanasakanize soda ndi cambiko? Nanga cifukwa ninji madzi a cotupitsa asakhale otentha?
4. M'mudzi mwanu, ndani amene amatsala pa nchito pamene ena apita kukaonerera mpira? Mungasinthe bwanji zimenezi?
5. Kodi pali mudzi umene munadana nao cifukwa ca masewera? Ndani angayambe kukonza?

NCHITO YA SABATA INO

Gwirizanani awiriawiri kapena atatuatatu. Wina abweretse mgaiwa, wina nthoci, wina soda ndi makala. Phikani cikondamoyo cimodzi Lamulungu lisanafike masana, ndipo mugawire ana onse a pakhomo, osaiwala mwana wamasiye kapena wa mnansi amene kwao sikunafuke utsi. Pa msonkhano wathu wotsatira mudzatiuze m'mene cinaphikikira, ndi cimene ana ananena.